Sukulu ya Okanidwa

Zonsezi zinayamba ndi mnyamata wina wa chaka chachitatu, wophunzira za uinjiniya, amene anafunsira mtsikana wa m'kalasi mwake n'kukanidwa. Pa yunivesite kukanidwa si nkhani. Anthu amakanidwa tsiku ndi tsiku, kukantini, pamasitepe, ngakhale pamzere wokaona zotsatira za mayeso. Koma mnyamata uyu sanafune kufa nazo mumtima. Loweruka masana anabwereka sipika yaikulu ya gulu la mapemphero, n'kukaiimika pansi pa mazenera a hositelo ya atsikana, ndipo anayamba kuwerenga mokweza mauthenga onse amene mtsikanayo anamulemberapo pa foni, ndi masiku ake omwe.

"Pa 4 Malichi, iweyo unalemba kuti 'ugone bwino'. Anthuni, munthu amene sakukufuna angakuuze kuti ugone bwino?"

Alonda anamunyamula asanafike pa mauthenga a mwezi wa Epulo. Kuyambira tsiku limenelo dzina lake lenileni linaiwalika, aliyense ankangoti Sipika. Anthu anaseka sabata yathunthu. Mtsikanayo yekha ndi amene sanaseke. Analongedza chikwama n'kupita kwa azakhali ake, ndipo m'kalasi sankaonekanso.

Lolemba m'mawa, mkulu woona za ophunzira anaitanitsa mlangizi wa pasukulupo. Mlangiziyo anali bambo wofatsa, wa imvi zoyamba kumene, woti zaka makumi asanu zinali pakhomo. Ophunzira ankawatchula kuti a Pepani, chifukwa aliyense wolowa mu ofesi mwawo, kaya walephera mayeso, kaya wangosochera pofuna chimbudzi, ankamulandira ndi mawu amodzimodzi: "Pepani, pepani, khalani pansi." Ofesiyo inali kuseri kwa chipatala cha sukulu. Munali mipando iwiri yofewa, bokosi la tishu ndi duwa la pulasitiki limene wokonza m'maofesi ankalithirira madzi Lolemba lililonse.

"Chaka chino chokha madandaulo afika khumi ndi anayi," anatero abwanawo akugogoda faelo ndi cholembera. "Wina anathira madzi laputopu ya mtsikana. Wina anafalitsa bodza loti mnzake ali ndi matenda. Lero tili ndi wa sipikayu. Anawa timawaphunzitsa kumanga milatho, koma 'ayi' wa zilembo zitatu akuwagwetsa chagada. Mukonze maphunziro. Masabata asanu ndi imodzi, Lachitatu lililonse 3 koloko. Mnyamatayu komiti yalamula kuti asajombe ngakhale kamodzi. Akajomba alongedze."

A Pepani anatuluka akumwetulira. Zaka khumi ndi ziwiri anali akudikira kuti sukuluyo ikumbukire kuti ili ndi mlangizi. Anakonza masilaidi makumi atatu okhala ndi zithunzi za mitima yosweka, komanso kapepala kogawira anthu. Pakapepalapo analemba kuti munthu akakukana usafunse chifukwa, usatumize uthenga wachiwiri, usatume munthu, usamazungulirezungulire kumene iye amapezeka, ndiponso usamunyoze kwa anthu. Atakawerenga kawiri anaona kuti palibe chotsala. Anamata zikwangwani m'makonde onse: KODI ANAKUKANANI? BWERANI MU HOLO YAING'ONO.

Chimene sanaganize n'chakuti holo yaing'onoyo khomo lake linayang'ana kukantini. Lachitatu litafika, anyamata anadzaza pakhonde, manja m'matumba, kudikira kuona kuti alowe ndani. Wina anali atalemba kale ndi choko pachitseko: SUKULU YA OKANIDWA. Pa mipando makumi asanu ndi atatu imene inakonzedwa, panakhala atsikana khumi ndi mmodzi kutsogolo, ndi Sipika yekha kumbuyo kwenikweni, chipewa atachikokera kumaso.

A Pepani anayatsa pulojekita. Asanamalize silaidi yachiwiri, mtsikana wina wamfupi wa magalasi anakweza dzanja.

"Aphunzitsi, mutikhululukire. Ifeyo sitinakanidwe ayi. Ife ndi okanawo. Tabwera kudzafunsa kuti munthu umakana bwanji kuti usatukwanidwe kapena kumenyedwa."

A Pepani anayang'ana pa kompyuta. Silaidi ya zimenezo panalibe.

"Ine kale ndinkapereka nambala yabodza," anatero wina. "Masiku ano amaimba pompo, uli chiimire, kuti amve ngati foni ilire."

"Ine ndili ndi chibwenzi chopeka," anatero wa magalasi uja. "Ndi msilikali, wamtali, ndipo sachedwa kupsa mtima. Ndikangomutchula amandisiya. Msilikali woti kulibeko amamupatsa ulemu kuposa ine amene ndaima pamaso pawo."

Atsikana onse anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa anthu odziwana matenda. A Pepani anati mafunsowo ndi abwino kwambiri ndipo awayankha kumapeto, kenaka anabwerera ku masilaidi awo mpaka nthawi inatha.

Sabata yachiwiri, ali mkati mofotokoza kuti ululu wa kukanidwa umatha wokha ngati chimfine, Sipika anayankhula koyamba, osakweza n'komwe dzanja.

"Madala, funso. Inuyo anakukananipo?"

A Pepani anali munthu wosadziwa kunama. Anakonza tayi, n'kunena kuti iwowo mwamwayi sizinawachitikirepo, koma anawerenga kwambiri za nkhaniyi.

"Basitu," anatero Sipika akubwezera chipewa kumaso. "Tikuphunzira kusambira kwa munthu woti madzi amangowaonera m'kapu."

Mawuwo anawatsatira mpaka kunyumba. Kunyumbako ankakhala ndi achemwali awo, namwino wopuma pantchito, amene anabwera mkazi wa a Pepani atamwalira zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo. Pobwera anati adzakhala mwezi umodzi, ndipo mweziwo unali usanathebe. A Pepani atafika anawapeza akusita makatani pa tebulo lodyera, ndipo anawafotokozera za mwano wa mnyamatayo.

"Mwano wake uli pati?" anafunsa achemwaliwo osadzutsa mutu. "Mwanayo sananame. Inu achimwene munafunsirapo ndani? Malemu alamu anga munawaperekeza pokwerera basi chaka chathunthu mukuwauza za mitambo ndi mvula. Anachita kutopa okha n'kufunsa kuti, 'Kodi ukwati uliko, kapena ndiyang'ane kwina?' Inu munangoti, 'Uliko.' Ntchito yanu yonse inali imeneyo."

"Ndikanafunsira sakanandikana."

"Eya, amene sanalowe mayeso sanalephereponso. Tagwirani uko tipinde."

Zoona zake n'zakuti a Pepani anali ndi munthu mumtima. Kwa zaka ziwiri, Lachisanu lililonse masana ankapita ku laibulale, kumene kunali mayi wina woyang'anira mabuku, wa msinkhu wawo womwewo, wa ana awiri akuluakulu, amene ukwati wake unatha kalekale. Mayiwo ankawasungira magazini atsopano m'dirowa. Ankaseka nthabwala zawo, ngakhale zimene anazimvapo kale. Tsiku lina anawachotsa kaulusi paphewa la jekete. A Pepani zonsezi ankazisunga, ndipo akaziika pamodzi ankaona kuti yankho ndi lodziwikiratu, changotsala n'kufunsa. Mawu a Sipika ndi a achemwali anangokankha ngolo imene inali kale pamtsetse.

Lachisanu anavala malaya oyera, n'kuwapeza mayiwo pakati pa mashelefu a kumapeto, akukankha kangolo ka mabuku obwezedwa. Anali ataloweza mawu awo m'galimoto. Anayamba ndi "pepani", anadutsa pa zaka ziwiri za ubwenzi wawo, anakhudza za kusungulumwa kwa anthu a msinkhu wawo, mpaka anafika pamfundo: ankafuna kuti adziwane mwa mtundu wina, ndi cholinga chabwino.

Mayiwo anamvetsera mpaka kumapeto, buku lili m'manja.

"Bambo, zikomo. Mwandilemekeza kwambiri. Koma ayi."

"Palibe vuto," anatero a Pepani mofulumira. "Palibe vuto ngakhale pang'ono. Ndi ufulu wanu."

Anatembenuka n'kuyenda bwinobwino ngati munthu wophunzira. Anadutsa mashelefu a zamalamulo, anadutsa a zaulimi, anafika pakhomo pamene mlonda amasecha zikwama. Pamenepo miyendo inatembenuka yokha. Anawapeza mayiwo asanasunthe.

"Kungofuna kudziwa basi, osati kukakamiza. Chifukwa chake n'chiyani?"

"Chifukwa palibe, bambo. Simunalakwe chilichonse. Moyo wanga ndaukonda mmene ulilimu."

M'galimoto anakhala nthawi yaitali osaliza injini. Sankayembekezera kuti zingawawe m'thupi, koma pachifuwa panali polemera ngati ameza mwala, ndipo makutu ankatentha. Kenaka maganizo anayamba kuwathandiza. Nkhani yawo, anaona, inali yosiyana ndi ya ana asukulu. Iwo anali munthu wamkulu, wa zolinga zabwino. Mwina anawadzidzimutsa mayiwo. Mwina malo ake sanali abwino, pakati pa mashelefu, fumbi lili m'mphuno. Munthu woti moyo wake waukonda mmene ulili sachotsa ulusi pajekete la mwamuna.

Asanafike kunyumba anatumiza uthenga wopepesa chifukwa chowadzidzimutsa. Yankho linabwera: "Palibe kanthu bambo." Mawu atatuwo anawawerenga kambirimbiri. Loweruka m'mawa anatumiza wina wofotokoza bwino kupepesa kuja, poopa kuti sikunamveke. Masana anatumiza wachitatu wonena kuti sakuyembekezera yankho. Lamulungu anatumiza chithunzi cha maluwa chofunira anthu tsiku labwino, chimene anadziuza kuti akanatha kutumizira wina aliyense. Pofika Lachiwiri mauthenga anali khumi ndi atatu, yankho likadali limodzi lomwe lija.

Lachitatu limenelo anaphunzitsa bwino kuposa masiku onse. Mutu wake unali wa uthenga wachiwiri.

"Uthenga woyamba ndi funso," anatero akuyendayenda kutsogolo. "Wachiwiri ndi kugogoda pachitseko chimene mwini wake watseka. Wachitatu ndi kukankha chitsekocho ndi phewa. Munthu wodzilemekeza amaika foni pansi."

Atsikana anaomba m'manja. Foni ya a Pepani inali patebulo chagada, ndipo nthawi iliyonse akadutsa pafupi ankaiponyera diso. Itawala kamodzi anasiya chiganizo pakati n'kuitola. Unali uthenga wa kampani ya mafoni wowauza za mpikisano.

Kunyumba anayesa njira ina. Anapeza achemwali awo pakhonde akudula zikhadabo, n'kuwaulula zonse, kupatula chiwerengero cha mauthenga.

"Ndimaganiza kuti mwina inuyo mutakacheza nawo, amayi okhaokha. Osati kukawanyengerera. Kungowafotokozera kuti ndine munthu wotani."

"Zaka ziwiri akukuonani Lachisanu lililonse, sakudziwani? Akudziwani, achimwene, n'chifukwa chake ayankha msanga."

"Achemwali, nkhani ndi yoti sanandimvetse."

"Mawu awo anati chiyani?"

"Anati ayi."

"Ndiye amene sanamvetse ndi ndani? Ine zaka makumi atatu ndinkatsuka mabala a anthu, koma uku sindipitako. Mukandichititsa manyazi ndi ukalamba wanga."

A Pepani anakwiya, n'kunena kuti m'nyumba mwawo momwe alibe wowamvera chisoni. Achemwaliwo anati chisoni chilipo chambiri, chimene palibe ndi thenga.

Masiku otsatira anazindikira kuti njira yochoka ku ofesi yawo kupita kukantini imadutsa pa laibulale, ngakhale kwa zaka khumi ndi ziwiri inkadutsa mbali ina. Anazindikiranso kuti ali ndi zambiri zofunika kuwerenga. Ankalowa cha m'ma 11 koloko, n'kukhala pa tebulo loyang'anizana ndi kauntala, buku lili lotsegula. Sankalankhula ndi munthu. Ankangofuna kuti mayiwo aone kuti iwo sanakhumudwe. Tsiku lachitatu pa kauntala panakhala mtsikana wina wantchito, mayiwo atasamukira ku kachipinda ka kumbuyo kolembera mabuku atsopano. Galimoto yofiira ya mayiwo, imene inkaima pansi pa mtengo wa kutsogolo, inasiya kuoneka.

Ndiye panabwera za m'chipinda chomwera tiyi. Mphunzitsi wina wa masamu ankadandaula kuti mayi a ku laibulale amukaniza kutuluka ndi buku losabwereketsa.

"Amene aja ndi odzimva," anatero a Pepani akutakasa shuga. "Mukuganiza kuti mwamuna anawathawa chifukwa chiyani?"

Anthu anaseka modabwa, chifukwa a Pepani anali asananenepo munthu. Iwonso anadabwa. Mawuwo anatuluka okha, osalala, ngati anakhala akudikira pakhosi. Anamva kukoma kwa kanthawi kochepa, tiyi asanazizire n'komwe.

Pasukulu mawu sagona panjira. Lachinayi m'mawa wina anagogoda pa ofesi yawo, ndipo atatsegula anapeza ndi mayi a ku laibulale, chikwama chili m'khwapa. A Pepani anakonza tayi msanga. Anaganiza kuti mwina kuleza mtima kwawo kwabala zipatso.

"Pepani, pepani, khalani pansi."

Mayiwo anakhala pa mpando wa ofuna uphungu, n'kuika chikwama pamiyendo.

"Ndabwera mwa ntchito, bambo. Dzulo ndinapita ku ofesi yoona za antchito kukafunsa kuti munthu akamavutitsidwa ndi mnzake wa pantchito amadandaula kuti. Sindinatchule dzina. Anandiuza kuti ndondomeko yake, poyamba munthu amaonana ndi mlangizi. Ndiye ndabwera kuti mundilangize."

A Pepani anakhala pansi pang'onopang'ono.

"Pali bambo wina pasukulu pano," anapitiriza mayiwo, mawu ali phee. "Anandifunsira, ndinakana mwaulemu. Kuchokera tsiku limenelo wanditumizira mauthenga makumi awiri ndi awiri. Amabwera kuntchito kwanga n'kukhala moyang'anizana nane. Ndasiya kauntala imene ndakhalapo zaka zisanu ndi zinayi, ndikugwira ntchito m'kachipinda kopanda zenera. Galimoto ndikuimika kuseri kwa khitchini. Dzana ndinamva kuti akuuza anthu chifukwa chimene mwamuna wanga anandithawira. Mwamunayo sanandithawe, bambo. Ndinachoka ndine, ndi ana awiri ndi dzino limodzi losweka. Ndiye inu monga katswiri, mukuti nditani?"

Fani ya padenga inkazungulira. A Pepani anayang'ana manja awo. Anafuna kunena kuti bamboyo analibe cholinga choipa, koma anakumbukira kuti mawu amenewo anawamvapo kambirimbiri kuchokera pa mpando womwewo, ndipo nthawi zonse ankawalemba m'faelo ndi kuwadula mzere kunsi.

"Bamboyo asiye," anatero pomaliza. Mawu anatuluka aang'ono.

"Mukamuona mumuuze. Mumuuzenso kuti ndinkamukonda ngati mnzanga. Lachisanu ndinkaliyembekezera. Anthu ocheza nawo za mabuku ndi ochepa, ndipo iyeyo wandilanda ameneyo." Anaimirira. "Ndikalandiranso uthenga umodzi, kapena ndikamuona pa tebulo lija, ndipita kwa abwana ake ndi foni yanga. Wopepesa womwe sindikuufuna."

Asanatuluke anakankhira bokosi la tishu mbali ya a Pepani, n'kutseka chitseko bwinobwino.

Tsiku limenelo a Pepani sanapite kukantini. Anakhoma ofesi, n'kuwerenga mauthenga awo onse kuyambira woyamba. Uliwonse pawokha unali waulemu. Onse pamodzi anali ngati munthu woima pazenera. Chimene chinawapweteka kwambiri n'chakuti ngakhale pamenepo, chala chinkayabwa kuti alembe umodzi wokha wonena kuti amvetsa.

Lachitatu la sabata yachisanu analowa mu holo wopanda laputopu. Anati pulojekita yawonongeka, ndipo linali bodza lawo loyamba pantchito. Anakoka mpando n'kukhala pansi, n'kuuza mtsikana wa magalasi uja kuti funso lake la tsiku loyamba silinayankhidwe, ndipo iwo yankho alibe, koma akufuna kumva. Atsikanawo anayankhula ola lathunthu. Wina anafotokoza mmene amasinthira njira yopita ku labu. Wina anati anasiya kwaya chifukwa cha mnyamata amene ankamudikira pakhomo ndi maluwa. Wina anati choopsa si wotukwana, chifukwa ameneyo umatha kukamunenera. Choopsa ndi waulemu, amene ukamudandaula anthu amati, "Koma ndiye walakwa chiyani?" A Pepani anangogwedeza mutu, maso ali pansi.

Anthu atatuluka, Sipika anatsala kuti asainitse pepala lake la komiti. Analiika patebulo, koma sanachoke.

"Madala, buku lija munkawerenga ku laibulale, tsamba lake ndi lalitali bwanji? Ola lathunthu osatembenuza. Ine ndimakhala kuseri kwanu."

A Pepani anasaina pepalalo n'kumubwezera.

"Musadandaule, sindinauze munthu. Ine wa sipika ndingaseke ndani?" Anakhala pamphepete pa tebulo. "Akukanani eti?"

"Andikana."

"Zimawawa?"

"Kwambiri."

"Si chimfine?"

"Si chimfine."

Sipika anagwedeza mutu ngati dokotala amene matenda awapeza.

"Fufutani nambala. Ine ndinafufuta, kungoti ndinali nditailoweza kale pamtima. Koma inuyo ndi msinkhu wanuwu mwina muiwala."

A Pepani anaseka koyamba m'masabata atatu. Anatulutsa foni, nayang'ana dzinalo kwa kanthawi, n'kufufuta mnyamatayo akuona. Iwonso nambalayo anali atailoweza, koma sanamuuze.

"Ndiye ndikufunseni," anatero Sipika, nkhope itasintha. "Mtsikana anandikana uja wabwerera m'kalasi Lolemba. Amakhala pafupi ndi chitseko. Ndikalowa amagwira chikwama. Zimene amanena atsikanawa ndimamva, madala, ngakhale ndimaoneka ngati ndagona. Ndalemba kalata yopepesa, masamba anayi. Ndimupatse pamanja kapena ndiponye pansi pa chitseko?"

"Masamba anayiwo akunena za ndani?"

Sipika anaganiza. "Kwambiri za ine. Mmene ndinkamvera."

"Usamupatse. Ngati uli ndi chopepesa, lemba mizere iwiri, upereke ku komiti. Akafuna kuwerenga akawerenga, akapanda kufuna ndi zake. Ndipo upemphe akusinthe gulu la ku labu, asachite kusintha ndi iyeyo."

"Ndiye sadzadziwa kuti ndasintha."

"Mwina sadzadziwa."

"Koma ndiye n'zowawa."

"Ndakuuza kale kuti si chimfine."

Maphunziro atatha, mkulu woona za ophunzira anaitanitsanso a Pepani. Anali wosangalala kwambiri. M'masabata asanu ndi imodzi, dandaulo silinabwere ngakhale limodzi. A Pepani anayesa kunena kuti inali nyengo ya mayeso, anyamata anali otanganidwa, komanso kuti amene ankafunika maphunzirowo sanabwere n'komwe kupatula mmodzi wokakamizidwa. Abwanawo anati kudzichepetsa n'kwabwino koma manambala sanama. Lipoti linali litapita kale kwa akuluakulu, ndipo akuluakuluwo analamula kuti maphunziro omwewo aperekedwe kwa antchito onse, kuyambira mapulofesa mpaka alonda, tsiku limodzi, mu holo yaikulu, wosabwera alembe kalata.

"Bwana, mwina mupeze munthu wina wa kunja," anatero a Pepani.

"Wa kunja wa chiyani? Pasukulu pano alipo amene nkhani imeneyi akuidziwa kuposa inu?"

A Pepani anavomera kuti mwina palibe.

Tsikulo holo inadzaza, chifukwa kunali chakudya chamasana. Mapulofesa ankagundana zigongono n'kumaseka, aliyense akunena kuti izi n'za ana. Mphunzitsi wa masamu uja anafunsa ngati pali maphunziro ena a mmene ungakanire mkazi wako akafuna kuona foni yako, ndipo holo yonse inagwa ndi phwete. Mayi a ku laibulale anakhala mzere wachitatu kuchokera kumbuyo. Anasaina m'kaundula, anamvetsera mphindi khumi, kenaka ananyamuka, poti laibulale siingatsekedwe tsiku lonse. A Pepani anawaona akutuluka. Anamwa madzi, n'kupitiriza pamene analekezera. Pomaliza anthu anaimirira powaombera m'manja, ena ali kale ndi mbale m'maganizo.

Atafika kunyumba anapeza achemwali awo akuthirira maluwa ndi ndowa, payipi itaphulika.

"Zayenda bwanji, aphunzitsi a dziko lonse?"

"Aomba m'manja."

"Iwo aja analipo?"

"Analipo. Anatuluka msanga."

"Inu munawatsatira?"

"Ayi."

Achemwaliwo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, monga ankayang'anira odwala onama kuti amwa mankhwala. Anaona kuti ndi zoona.

"Nanga mumtimamo?"

"Mukuwawabe."

"Muziwawa, palibe anafa nazo. Vulani jeketelo mundithandize kutunga madzi, maluwawa afota."

A Pepani anakoleka jekete pa chitseko cha galimoto, anapinda manja a malaya, n'kunyamula ndowa kupita kumpopi.